Vinkubala vatsala kumanda kokha

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno ku Mphuka tilipo. Mlamu wanga Malita wabereka mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu, ndipo kukamwa watengera inu ndithu. Mapira njovu zinatithandiza kukolola. Masau okha ndiwo abereka.

Koma ndalemba kuti ndimunenere mwana wanu Zuze. Mukukumbuka lamulo lanu la vinkubala, mbozi zathu za ndiwo zija? Munkati, “Chotsika chokha mumtengo chili pa ulendo, chisiyeni.” Ine ndinakakhala zaka zinayi ku yunivesite kuti andiuze zomwezo m'Chingerezi: chinkubala chikakhuta masamba a mupani chimatsika, chimakumba pansi n'kugona miyezi yonse ya chilimwe. Mvula ikayandikira chimatuluka chili gulugufe wamkulu uja wa maso pamapiko. Iyeyo sadya n'komwe, ali ndi masiku ochepa oti aikire mazira, basi wafa.

Zuze kudikira sakudziwa. Ogula vinkubala a ku Lusaka atafika, iye anatenga nkhwangwa n'kugwetsa mipani yonse ya kuseri kwa munda wanu kuti atole ndi tating'ono tomwe. Mitengoyo anaotcha malasha. Chaka chino akudabwa kuti vinkubala kulibe, akuti wina watilodza. Ndinamujambulira zonse pamchenga, dzira mpaka gulugufe. Anandimvetsera bwinobwino, kenako anati vinkubala vimagwa ndi mvula, ndipo digiri yanga ndikapachike ku Boma.

Mipani yatsala ndi ya kumanda kokha, poti kumeneko nkhwangwa siloledwa. Sabata yatha ndinapeza mazira oyera pamasamba a mtengo umene uli kumutu kwanu. Zuze nayenso wawaona, ndipo wayamba kufunsa ngati mwambo umaletsa kutola kapena kudula kokha. Akadzatola votuluka m'mazira amenewo, kuno vinkubala vatha.

Ndiye ndachita chinthu chochititsa manyazi, Amayi. Ine, mwana wanu wa sayansi, ndamuuza kuti munandidzera kumaloto mutakwiya, mukuti wokhudza mitengo yanu atupa manja. Atamva, mpaka anavula chipewa. Zaka zinayi za mabuku zalephera, bodza la mphindi imodzi lagwira.

Koma Zuze mumamudziwa, mantha ake sachedwa kuphwa. Chonde mupiteko nokha kwa iye, musamunyengerere. Mumulankhule ndi mawu aja munkatiitanira tikachedwa ku Zambezi.

Ine ndikulonjeza kulondera mitengoyo mpaka chinkubala chomaliza chitalowa pansi pafupi nanu. Bodzalo ndikaulula kutchalitchi vikatha kutsika.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Rozina