Matumba a Shakila

Lolemba, 2 Sepitembala 2024

Lembani monga ndikunenera, a Celestina, musakongoletse. Sukulu ndinalekeza Sitandade 2, koma mawu anga ndimawadziwa. Ndine Abiti Jaffalie wa kuno ku Malindi, ndipo sindinapemphepo mchere pakhomo pa munthu.

Mwana wanga Shakila, wadipuloma, lero anapitanso kugombe thumba lili kumsana. Kutola mabotolo ndi majumbo. Akuti iye ndi anzake amazisungunula, kusakaniza ndi mchenga, n'kuumba njerwa zoyala pansi. Kumsika a Mwanamvua, anzanga ogulitsa usipa, andifunsa pagulu: "Mwana wanu uja mutu uli bwino?" Ndaseka nawo. Usipa ndagulitsa nkhope ili pansi.

Lachinayi, 5 Sepitembala

Loweruka kubwera ankhoswe a Yunus, mnyamata wa kuboma, kudzafunsira mbeta. Banja lolemekezeka. Amalume ake, a Mustafa, ali ndi mabwato, ku Makka anapitako. Kuseri kwa nyumba yanga matumba a zotolatolazo afika padenga. Ntchentche. Ndamuuza Shakila awachotse. Iye akuti, "Amayi, si zinyalala, ndi katundu. Galimoto ibwera kudzawatenga sabata yamawa." Katundu!

Lachisanu, 6 Sepitembala

Shakila anapita kuboma kukagula za alendo. Ine ndasesa monga anandiphunzitsira amayi anga: kukamabwera ankhoswe, pakhomo pasatsale ngakhale kaudzu. Matumba onse ndakokera kudzala, ndayatsa. Utsi wakuda, wonunkha, mpaka anthu otuluka kumzikiti kutsokomola.

Shakila atabwera sanalalate. Anangoima, mpunga uli pamutu, kuyang'ana. Bola akanalalata.

Lamulungu, 8 Sepitembala

Za dzulo. Lembani pang'onopang'ono.

Alendo anafika, mikeka yatsopano, pabwalo poyera bwino. Mlongo wanga, a Swadick, anayankhula mbali yathu. Zonse zinayenda. Atasamba m'manja, a Mustafa anati, "Tsopano tionetseni matumba aja. Alovi anga, anyamata a m'mabwato, ndi amene akhala akuvuula mabotolowo m'madzi, ine n'kumatumiza kuno pabwato. Mtsikanayu ndinamufunira Yunus chifukwa cha ntchito imeneyi."

Ine sindinafunsepo kumene matumbawo ankachokera. Ngakhale kamodzi.

Tinapita nawo kuseri. Phulusa, ndi zinthu zakuda zouma ngati phula. Shakila anagwada n'kunena, "Unali moto wangozi, bambo." Mwana wanga kunama pa tsiku lake lalikulu, kubisa ine. Ine ndili pompo, mpango wanga watsopano kumutu.

Ukwati avomera. Tiyi sindinamwe.

Lachitatu, 11 Sepitembala

Galimoto inabwera, inabwerera yopanda kanthu. Anzake aja, Jeffrey ndi Alima, anaima pamsewu, kwathu osalowa. Ndamva kuti sukulu imene inkafuna njerwazo ikhoza kupatsa ena ntchitoyo.

Shakila amandilonjera, amanditungira madzi, amagwada pondipatsa chakudya. Ulemu wonse. Koma kundiyang'ana m'maso ayi. Ngati mlendo waulemu m'nyumba mwanga.

Loweruka, 14 Sepitembala

Ndapita kugombe masana, dala, nthawi imene a Mwanamvua amayanika usipa. Thumba kumsana. Msana womwewu, wokana kuwerama. A Mwanamvua anafuula, anthu onse akumva: "Abiti Jaffalie, kani misala ija ndi yakumtundu!" Ndati eya, ndipatseni botolo lili pamapazi anulo. Anandipatsa, kuseka kutawathera.

Thumba limodzi lokha. Amene ndinawotcha aja sindingawabweze. Kwa a Mustafa sindinapitebe kukanena za moto.

Thumbalo ndaliika pakhomo pa chipinda cha Shakila. Walikhuthula pansi, wasankhasankha. Kenako wadzutsa mutu, wandiyang'ana m'maso. "Amayi, awa ndi awa sitisakaniza. Mawa tipitire limodzi, ndikakuonetseni."

Ikani cholembera pansi, a Celestina. Mukundiyang'ana chiyani? Ndi utsi uja, sunathe m'maso.