Chikwama Chatsopano ndi Antena

Lolemba, 3 Malichi

Yachitanso. Droni itangouluka makilomita asanu, antena yathu, imene imayenera kumatembenuka n'kumaloza kumene droniyo ili, inayamba kuyang'ana kumbali ngati mwana wonyanyala. Kulumikizana kunaduka, droni n'kubwerera yokha. Abwana sanakalipe. Angoti woyendera ntchito yathu akubwera Lachisanu, ndipo zikakanikanso satilola kumatumiza magazi kuchipatala cha kuseri kwa phiri. Woyang'anira antena ndine. Nkhomaliro sinalowe.

Lachiwiri, 4 Malichi

Tasintha mawaya onse, tamanga mabawuti. Chimodzimodzi. Ndevu, woyendetsa droni, akuti mwina antenayi yangodana nane. Sindinaseke.

Lachitatu, 5 Malichi

Mtima wakhala pansi.

M'mawa nditaimika antena pamiyendo yake itatu, ndinakoleka chikwama changa pakambedza kapakati, monga mwa nthawi zonse, kuopa fumbi. Kenako ndinayamba kutchera kampasi, imene imauza antena kumene kuli kumpoto. Ndevu anapempha cholembera. Nditangochotsa chikwama kuti ndimutengere, manambala pa laputopu anadumpha ndi madigiri makumi awiri. Ndinachibwezera, anadumphanso. Chotsekera chake n'cha maginito, amene amasokoneza kampasi! Achemwali anandipatsa chikwamachi sabata yatha, ndipo vuto linayamba sabata yomweyo. Chakale chija chinali cha zipi.

Ndevu anaseka mpaka kukhala pansi. Ine manyazi anandigwira, komabe ndinasangalala kwambiri.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndakawauza ndekha abwana Ndevu asanathire mchere nkhaniyi. Anachiyang'anitsitsa chikwamacho, anachitsegula, anachitseka.

"Chikwama chabwino ichi, mayi. Chizitsala m'galimoto."

Basi. Tayesa katatu, antena sinaphonye. Achemwali pafoni akuti ngati chikundichotsetsa ntchito ndiwabwezere, anachikonda kale.

Lachisanu, 7 Malichi

Woyendera ndi mayi wosalankhulalankhula. Anaima kumbuyo kwanga ndi kabuku kake. Ndisanakhudze kampasi ndinakhuthula matumba, makiyi ndi foni ndinakaziika patali. Ndevu ndinamuvulitsa wotchi.

Droni inanyamuka. Makilomita asanu, asanu ndi atatu, khumi ndi awiri. Maso anga sanachoke pa antena. Inkatembenuka pang'onopang'ono kuitsatira, mpaka droni inatsika kuchipatala. Namwino anaimba foni kuti bokosi la magazi lafika, likuzizirabe.

Woyendera anafuna kusayina, cholembera chake n'kukana. Anandifunsa ngati ndili nacho. Ndinathamangira kugalimoto kukachitenga m'chikwama, ndikuseka ndekha njira yonse.