Tsache la apongozi ndi malikisi a msewu

Lachitatu, mwezi wa Okutobala. Kuno kwa azungu kwazizira, ndipo masamba ali mbwee paliponse kupatula mu msewu wathu.

M'mawa, ndikudikira basi ya ku Lewisham, ndinaona mtsikana wa ku khonsolo akujambula msewu ndi foni. Ndinamufunsa. Akuti amayendera misewu mosachenjeza n'kumaipatsa malikisi ngati ana a sukulu. Wathu ukukhoza kwambiri, koma iye sakudziwa chifukwa chake.

Ine ndikudziwa. Chibwerere kuchokera ku Chipata, apongozi amasesa kukangocha, kuyambira pakhomo pathu mpaka pakona. Akuti mkazi samwa tiyi pabwalo pali zinyalala, ngakhale bwalolo likhale la boma. Ponena zimenezi amayang'ana ine.

Poweruka ndinakumana ndi a Banda a ku Zimbabwe, amene amasesa dera lino, akukankha ngolo yopanda kanthu.

"Achemwali, auzeni amayi azindisiyirako masamba," anatero. "Abwana akuti msewu woyera chonchi sufuna munthu. Andidulira mashifiti."

Ankaseka, koma ana awo ali pasukulu.

Ndiye malikisiwo akuyeza chiyani, ntchito ya khonsolo kapena msana wa apongozi?

Ndinawafotokozera apongozi tikudya. Anamvetsera bwinobwino, kenako anati, "Iyayi, mwana wa eni asavutike chifukwa cha ine. Kusesa ndisesa ndithu, koma ndizimuunjikira pakona, abwana akewo aone kuti ntchito ilipo."

Mtsikana wa foni uja akadzapeza msewu uli mbee, mulu wa masamba uli neng'a pakona, kaya adzatipatsa malikisi anji. Tsache aliimika kale pakhomo.