Mlonda wa dziwe la ku Edenvale

Lolemba, 3 Malichi

Nadia wathu wayitanidwa kukayesedwa usilikali wa pamadzi. Mwana wobadwira ku Katlehong kuno ku Joni, amene madzi aakulu omwe wawaonapo ndi a mvula akasefukira pokwerera matekisi! Akuti sabata yamawa akamuyesa kusambira. Sadziwa n'komwe.

Bambo ake, a Bakari, angoti, "Sukupita." Kenako n'kukatsuka nsapato zoyera kale.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndamufunsa Nadia kuti panyanjapo amalondapo chiyani, poti madzi sabedwa. Waseka.

"Amayi, mabelo a kaunjika amene mumagulitsawa amabwera wapansi? Amabwera pa sitima. Popanda olonda, achifwamba azilanda sitimazo. Ena amabwera kudzakokolola nsomba zathu mozemba. Bwato likamamira, amakapulumutsa anthu ndani?"

Bambo ake kuchipinda: "Nanga wopulumutsayo akamamira?"



Ndatsegula belo latsopano masana, n'kulinunkhiza. Zaka zonsezi sindinaganizepo kuti majuziwa anawoloka nyanja, ndipo wina anawaperekeza.

Lachinayi, 6 Malichi

Mayi wa Chizulu woyandikana nafe wadabwa: "Hawu, bambo ake amuphunzitse! Inu a ku Malawi si nsomba nonse?" Kuno ku Joni amayesa tonse tinabadwira m'bwato. Ife ndife a ku Ntcheu, kumapiri. Kamtsinje ka kwathu kankatifika m'mawondo, ndipo kakadzadza tinkangokhala pamwala n'kumadya mango mpaka kaphwe. Ndakasowa kamtsinje kaja lero.

Choseketsa n'chakuti a Bakari amasamala dziwe losambiramo kwa abwana awo ku Edenvale. Amawola masamba ndi kaukonde ka mtengo wautali, amathira mankhwala, madzi mbee. Koma chala chokha sanaviikemo.

Lachisanu, 7 Malichi

Nadia wagona chafufumimba pa benchi, akupalasa mpweya monga waonera pa foni. Wagwa kawiri. Taseka, koma kenako ndamuona akupukuta maso kuseri kwa nyumba.

Loweruka, 8 Malichi

A Bakari abwera kuntchito nkhope ili gwa. "Abwana avomera dziwe mawa. Sikuti ndalola ayi. Ndikufuna aone yekha kuti madzi si anzake."

Chabwino, bambo.

Lamulungu, 9 Malichi

Tinapita tonse atatu. Nadia analowa kosaya, n'kuyesa kuyandama. Phi! Wamira ngati mwala wamphero. Kachiwiri chimodzimodzi, madzi m'mphuno, kutsokomola. Bambo ake anali pamtunda mu ovololo yawo, kaukonde m'manja, akuyendera m'mbali ngati sitima yolonda. Mwana akati amire, amamutambasulira mtengo.

"Adadi, musandivuule ngati tsamba!"

"Ndili pa ntchito, iwe. Palibe chomira m'dziwe langa."

Kachisanu kapena kachingati, Nadia anagwira m'mphepete, n'kunena motsitsa, "Basi, mwawina. Tiyeni kunyumba."

Ndinayesa bambo ake asangalala. Anangoima, akumuyang'ana. Kenako anagoneka kaukonde pa kapinga, n'kuvula nsapato zoyera zija, n'kuziika pambali bwinobwino. Anatsika masitepe ovololo ili m'thupi, madzi mpaka m'chiuno.

"Mayi a Nadia, mukaseka ndituluka."

Ndinadziluma mlomo.

"Gona chagada. Ndakugwira. Usalimbe thupi, tsamba sililimba thupi n'chifukwa chake silimira."

Nadia anagona pa manja awo monga ankachitira ali khanda tikamusambitsa m'beseni. Maso kumwamba, makutu m'madzi. Patapita kanthawi ndinaona manja a bambo ake atuluka m'madzi, onse awiri, ali m'mwamba. Mwana akuyandamabe, osadziwa.

"Adadi, musandisiye."

"Sindinakusiye," anatero, manja ali m'mwamba momwemo. Kenako anandiyang'ana ine. "Ku nyanjako amalola makolo kukaona?"