Dzina lija munatiletsa kulitchula

Amayi anga, kaya mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno ku Chiringa tilipo ndithu. Mpongozi wanu Feliya wachira, ndi mwana wamkazi, makutu ake ndi anu enieni. Nandolo wabereka bwino chaka chino, koma mbuzi yanu yamakani ija sinasiye kudya chinangwa cha eni.

Mwezi wamawa tikuvundukula chiliza chanu, ndipo abale asankha ine kuti ndidzanene mbiri yanu. Apa ndiye pagona nkhani.

Ku mishoni komwe ndimaphika kwabwera mlendo, mkulu wa ku Amereka, wakuda ngati ife tomwe. Masana amaphunzitsa ana besibo, mpira womenya ndi chibonga kenaka n'kuthamanga mozungulira. Ine sindiumvetsa, koma ana apenga nawo. Pa malaya ake panalembedwa "Negro". Asisitere atandiuza kuti ndi mmene azungu ankaitanira anthu akuda kalelo, ndinazizwa. Munthu n'kuvala chitonzo pachifuwa? Paja mukundidziwa, sindisunga funso m'mimba. Ndinamufunsa ndikumuthirira tiyi, asisitere akumasulira.

Akuti agogo ake anali katakwe pa mpirawo, koma azungu sankalola wakuda kusewera nawo. Basi akudawo anayambitsa matimu awoawo, odziwika ndi dzina lomwelo, anthu n'kumadzaza mabwalo. Lero munthu wamoyo samuitananso choncho, koma pa mbiri ya matimuwo salifufuta. Akuti atalifufuta, adzukulu angaganize kuti agogo awo ankasewera paokha mwa kufuna kwawo.

Munkakonda kunena kuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kandimeta ine kameneka.

Ndinakumbukira tsiku lija pa msika wa ku Limbe, ndili wamng'ono. Mayi wogulitsa usipa anakumvani mukuyankhula Chilomwe ndi mng'ono wanu, n'kuuza anzake mokweza kuti asamale katundu, kwafika Anguru. Munandikoka dzanja mpaka ku basi. Kuchokera pamenepo dzinalo munaliletsa pakhomo, Chilomwenso munasiya kutiyankhula. Tinakula osachidziwa, ndipo ana anga amati agogo sankachikonda chinenero chawo. Zimandiwawa ndikamva zimenezo.

Nanga munkachita manyazi, kapena munkatitchinjiriza? Mukakhala nokha kumunda, munkaimba m'chinenero chiti? Mayi wa usipa uja munamukhululukira? Ndili ndi mafunso ambiri, Amayi, ndipo ndinachedwa nawo.

Nditawauza amalume Wayisoni kuti za ku Limbe ndidzazinena pa chiliza, anakana kwamtuwagalu. Akuti pamanda si potukwanira, ndipo akadzangomva dzinalo adzanyamuka anthu akuona. Mukudziwa kuti sanena zocheza. Ndi mlongo wanu, amakukondani, ndipo mwina inunso mukadakhala kumbali yawo. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa.

Koma ndidzalitchula, Amayi. Kamodzi kokha, adzukulu anu ali pompo, kuti adziwe kuti chinenero chanu simunachitaye, anachita kukulandani pakamwa. Amalume akadzanyamuka ndidzawatsatira kwawo n'kukagwada. Ngati ndikukuswerani lamulo, mundikhululukire.

Ndikukulonjezani chinthu chimodzi. Pemphero lotsekera ndidzalinena m'Chilomwe. Amayi aang'ono akundiphunzitsa, ndipo amaseka mpaka misozi, akuti ndimatchula ngati wa ku Dedza. Ngakhale ndidzaphonye, inu mudzamva. Aka kadzakhala koyamba kuti ndikuyankhuleni m'chinenero chanu.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Mwana wanu,
Esitere