Mfuti pa Chipata cha Ukwati

Najma, Doha
12 Febuluwale 2025

Okondedwa achemwali a Eveless,

Musadabwe kulandira kalata yapapepala ngati tabwerera m'masiku akale. Foni ndili nayo, koma nkhani iyi ndikaiyamba pafoni mundidula pakati ndi mafunso anu akupolisi aja: inali nthawi yanji, mboni ndani. Papepala simungandidule. Ndipatsira Yoram, mnzanga wa ku Chipata amene timagona chipinda chimodzi. Akupita kwawo Loweruka ndipo walonjeza kudzakusiyirani paboda pa Mchinji. Ndamuuza kuti akafunse wapolisi wamkazi amene saseka, aliyense akamulozera.

Moyo ndili nawo. Ntchito ndiye sindikudziwa. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi chindiimitsireni, ndipo mawa m'mawa andiitana ku ofesi kukamva ngati ndibwerere pageti kapena ndikwere ndege. Chikwama ndalongedza kale, ngakhale Yoram akuti kutero n'kudziitanira tsoka.

Ndiyambe ndakonza bodza limodzi. Paja amayi ndinawauza kuti ndine ofisala wa chitetezo. Ndine mlonda, achemwali. Dipuloma yanga ya uphunzitsi ija masiku ano imatsegula ndi kutseka chipata. Mfuti sitinyamula. Zida zanga ndi wailesi ya m'chiuno ndi kandodo kamene kamalira kakanunkhiza chitsulo m'thumba la munthu. Chaka ndi miyezi itatu ndili kuno, ndinali ndisanaonepo munthu wamba akuyenda ndi mfuti poyera, mpaka Lachinayi lapitali.

Tsikulo anatitumiza ku ukwati, mbali ya amuna, m'chitenti chachikulu cha kufupi ndi Ras Abu Aboud. Kuno amuna amavina paokha, atandanda mizere iwiri moyang'anana, ng'oma zikulira, malupanga ali m'mwamba. Eni ukwati anali atapereka pepala kukampani: malupanga ovinira makumi awiri ndi anayi. Lamulo limene anatiphunzitsa n'lakuti chida chimene sichili papepala sichilowa, ndipo ukaona mfuti uitane apolisi, usayambe zokambirana.

Cha m'ma folo koloko, dzuwa likadali kuswa mtengo, m'galimoto yoyera munatsika mkulu wina wandevu zambuu, mkanjo wake woyera ngati ufa, akuyenda moponda bwinobwino. Paphewa anali atakoleka mfuti yaitali pafupifupi msinkhu wanga, yokongoletsedwa ndi siliva. Anthu onse anamupatukira. Ine ndekha, mphunzitsi wa ku Ntcheu, ndinaima pakati pa njira.

"Pepani bwana," ndinatero m'Chingerezi changa cha kukoleji, "iyi siilowa."

Mwana wake, bambo wamimba yake yabwino ndithu, anatulukira kumbuyo. "Yalla, yalla, fulumira, tsegula! Ukudziwa kuti awa ndi agogo ake a mkwati?"

A Sulemani, supavaiza wathu wa ku Mangochi amene Chiarabu amachimva, anabwera chothamanga n'kundikokera pambali.

"Iwe Grayson, wapenga? Imeneyo n'njovinira. Inalira komaliza agogo ako asanamere mano. Asiye adutse, khalas, basi!"

"A Sule, ili papepala?"

"Pepala lakolo lidzakulemba ntchito mawa?"

"Nanga ikalira m'katimo, adzafunse ndani? Pageti pali dzina langa."

"Ana a kukoleji inu," anatero a Sulemani akugwira kumutu, "mumafa ndi kuwerenga."

Apa ndiye ndiulule chimene ndalembera kalatayi. Ndinatsala pang'ono kupatuka. Chinandiimitsa ndinu. Ndinakumbukira tsiku lija munanyamula gogodela wa amalume a Wickson, mfuti yawo yoopsezera anyani m'chimanga, n'kupita naye kupolisi chifukwa analibe chikalata. Banja lonse linakusalani, ine ndili patsogolo. Dzina lija loti "a Boma" ndinakupatsani ndine, ndipo ndinaseketsa nalo anthu ngakhale pamaliro a azakhali. Inu munangoti mfuti ilibe chibale, n'kupitiriza kutsuka mbale. Zaka zinayi ndakhala ndikuganiza kuti munatero chifukwa mulibe mtima. Pageti paja ndinadziwa kuti munthu umachita zimenezi mtima uli phaphapha, ukulakalaka wina akuuze kuti basi zisiye. Ndinakulakwirani, achemwali. Pepani.

Ndinadina wailesi. Apolisi awiri anafika posakhalitsa, ndipo mukanaona mukanasangalala. Wamng'onoyo anayamba wapsompsona mkulu uja pachipumi, n'kufunsa za moyo wake, za ana, za ngamila ngati ali nazo, kenaka mwaulemu n'kupempha chikalata cha mfutiyo. Mkuluyo anati chili kunyumba. Wapolisi anati palibe vuto, mfuti ikagona kwa iwo mpaka chikalata chibwere, chifukwa siingayende pagulu chimanjamanja. Anaikulunga m'nsalu ngati khanda n'kuiika m'galimoto. Palibe anakweza mawu. Mkulu uja analowa ndi ndodo yake yokha, koma asanalowe anandiyang'ana nthawi yaitali.

Wokweza mawu anali mwana wake, pafoni, kukampani: mlonda wanu wachititsa manyazi atate anga pamaso pa alendo. Dzuwa lisanalowe ndinali m'basi wobwerera ku Najma, wailesi atandilanda.

Ndilekeze kaye apa. Ndimaliza mawa, ndikadziwa ngati kalatayi ibwere ndi Yoram kapena ndibwere nayo ndekha.

13 Febuluwale

Ndabwerako. Khalani pansi.

Mu ofesi ndinapeza mudiri, ndiye kuti bwana wamkulu, a Sulemani ali chiimire pakona ngati womasulira, ndipo pampando wabwino kwambiri, mkulu uja mwiniwake ndi mwana wake. Ndinati basi, abwera kudzaonera m'mene mbuzi imaphedwera.

Mudiri anayamba n'kuwerenga lipoti la apolisi. Linati mlonda anachita zoyenera. Ndisanapume n'komwe, anawonjezera kuti lipoti ndi lipoti, koma kasitomala ndi kasitomala, ndipo kampani siingasunge munthu amene banja lalikulu chonchi lamudandaula. Mwana wake uja ankagwedeza mutu movomereza.

Mkuluyo anatulutsa pepala m'thumba la mkanjo, analiyala patebulo n'kulikankhira kwa ine, osati kwa mudiri.

"Akuti uwerenge," anatero a Sulemani.

Linali la Chiarabu lokhalokha. Ndinaliyang'ana mwachifatse ngati ndikuchonga mayeso a Sitandade 8, mpaka ndinapeza chithunzi chake ndi chidindo.

"Lili bwino, bwana."

Anayankhula kachiwiri, maso ali pa ine.

"Akufunsa ngati unachita mantha tsiku lija."

"Ndinachita."

"Akuti unkaopa chiyani, pakamwa pa mwana wawoyu kapena mfuti?"

Zoona zake n'zakuti ndinkaopa zonse ziwiri, koma ndinasankha yankho la munthu wophunzira. "Mfuti, bwana."

"Akuti ndiye unaganiza kuti iwo angathe kuombera?"

"Auzeni kuti ndinayang'ana manja awo. Sankanjenjemera. Ankanjenjemera ndi anga."

A Sulemani atamasulira, mkulu uja anaphulika kuseka, kuseka kofika potsokomola, mpaka mudiri anathamangira madzi. Atapuma anatembenukira kwa mwana wake n'kumuthira mawu ambirimbiri, chala chili m'mwamba. A Sulemani ankandinong'oneza pang'onopang'ono, akudziluma milomo kuti asaseke.

"Akuti, wamva? Iwe unandilanda makiyi a galimoto. Nyama umandidulira tizidutswa ngati mwana. Mfuti ya atate anga unafuna kuikhomera pakhoma pafupi ndi wotchi. Uyu yekha ndiye wandiitanira apolisi. Akuti zaka makumi awiri palibe munthu wawaopapo."

Mwana uja mwadzidzidzi anapeza china chofunika kwambiri mufoni mwake.

Kenaka mkuluyo analoza mudiri. Mdzukulu wake wina akukwatira mu Epulo, ndipo pageti akufuna ine, osati wina. Chikalata adzabwera nacho m'thumba, ndipo ndidzachiwerenge pamaso pa alendo onse, mokweza ngati n'kotheka. Mudiri, yemwe uja wa kasitomala ndi kasitomala, anangoti "Mafi mushkila," kutanthauza kuti palibe vuto, ngati maganizowo anali ake kuyambira kale. Ndiyambiranso Loweruka, shifiti ya m'mawa.

Potuluka a Sulemani anandimenya kumsana. "Ukadzabwerezanso ndidzakupha ndekha," anatero. Koma tiyi wa pakona anandigulira ndi iwo, ndipo ndawamva akufotokozera alonda anzathu a ku Nepal nkhaniyi ngati kuti wailesi anadina ndi iwowo.

Amayi mundiperekere moni wambiri. Za ulondazi muwauze ndinu, mukasankhe tsiku limene BP yawo ili bwino, ndipo muyambe n'kunena kuti yunifomu imandikhala. Alamu anga ndi ana nonse ndikukukumbukirani. Kwa amalume a Wickson moni, ndipo muwauze kuti anyani a kuno amayenda pa galimoto.

Inuyo, achemwali, mudzisamale pamsewupo. Mukapeza mpata mundiyankhe, ngakhale mizere iwiri yokha youma ngati ya lipoti. Papita zaka zinayi ndisanamve mukunditchula dzina, ndipo ndazindikira kuti dziko lino ndi lotentha, koma si kutentha kumene kumandisowetsa mtendere.

Ndisiyire pomwepa, nsapato zikufuna polishi.

Ndine mlongo wanu,
Grayson