Rauta yanga imafa Loweruka lililonse

Aphungu,

Ndine mayi wachikulire, ndinapuma pa ntchito. Moyo wanga wonse ndinkapereka mankhwala pawindo la chipatala, ndipo munthu amene wakalambira kuwerenga mapiritsi sasiya kuwerenga. Masupuni a m'nyumba mwanga ndimadziwa kuchuluka kwake, ngakhale mapegi oyanikira zovala. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti sindine munthu wochita zinthu mwachisawawa. Koma nkhani ndikulembayi yandiimitsa mutu. Ndaitembenuza uku ndi uku, sikutuluka.

Ndili ndi ana aakazi awiri, onse ali pabanja. Amuna a mwana wamkulu amakonza zamagetsi, ndipo anzawo amangowatchula kuti a Magetsi. Ndi munthu wa manja, wosachulutsa mawu. Chimwalirire bambo a anawa, chilichonse chikawonongeka pakhomo pano amakonza ndi iwo. Ndinawapatsa kiyi wa nyumba, ndipo amabwera kudzandizonda Loweruka masana. Amuna a mwana wamng'ono alowa m'banja mwathu chaka chathachi. Ndi aphunzitsi a kusekondale, aulemu, odziwa makompyuta. Iwo amabwera Lamlungu.

Ana anagwirizana zondiikira intaneti kuti ndizilankhula ndi mng'ono wanga amene amakhala kutali, tikuonana nkhope. A kampani anabwera, anaboola khoma, analowetsa chingwe, n'kusiya kabokosi koyera ka tinyanga tiwiri kamene amati rauta. Aphunzitsi ndiwo anaikonza. Anaiika pa tebulo lodyera, anatsegula kompyuta yawo, n'kulembamo dzina ndi mawu achinsinsi amene a kampani anatipatsa. Atamaliza anaitembenuza, msana wake kuyang'ana kwa ife, nandionetsa mabowo.

"Amayi," anatero, "mabowo awa ndi asanu. Chingwe cha kampani malo ake ndi bowo loyamba kumanzere. Enawa musavutike nawo."

Ndinawerenga nawo. Analidi asanu, kupatula kabowo kozungulira ka magetsi. Tinaiika pamwamba pa kabati, ndipo madzulo omwewo ndinaona mng'ono wanga pafoni, imvi zake zonse mbee. Sabata imeneyo zonse zinayenda bwino.

Loweruka intaneti inafa. Chodabwitsa n'chakuti pafoni timizere ta waifai tinali todzaza, koma uthenga sunkachoka. Pa rauta pali timagetsi tinayi. Titatu tinali tobiriwira, kamodzi, kokhala ndi chithunzi cha dziko, kanali kofiira. A Magetsi atafika anayeza soketi, anapeza kuti ilibe vuto. Ndiye anati, "Tizinthu iti timafuna kutidzutsa, amayi. Ndibwerekeni singano." Anabaya pa kabowo kakang'ono kuseri, timagetsi tonse tinazima n'kuyakanso. Koma m'malo moti idzuke, ngakhale dzina la waifai yathu linasowa pafoni, kunabwera lina lachilendo la manambala. Iwo anazula zingwe zonse, n'kuisiya pa tebulo lodyera. "Aione eni ake mawa," anatero.

Mawa lake Aphunzitsi anangoti kuiyatsa, n'kugwira pakamwa. "Wabaya apa ndani?" Ndinawauza. Analembanso zonse zija kuyambira pachiyambi, analumikiza zingwe, ndipo inagwira ntchito mpaka Lachisanu. Loweruka inafanso. A Magetsi anabayanso, ati mwina ulendo woyamba sanakanikize mokwanira. Aphunzitsi anakonzanso. Loweruka lotsatira, chimodzimodzi.

Ndinaimbira a kampani. Mtsikana amene anayankha anati kwawoko chingwe changa chikuoneka chabwinobwino, ndizimitse ndiyatsenso. Ndinatero. Kofiira kaja kanangondiyang'ana.

Musaganize kuti rautayo ndimaisunga mwauve. Loweruka m'mawa ndimakonza m'nyumba. Ndimatsitsa zonse za pakabati, wailesi, zithunzi, rauta yomwe, ndimapukuta, n'kubwezera chilichonse pamalo pake. Rauta ndimaikhazika mmene imakhalira, nkhope kwa ine, msana kukhoma. Maso anga saonanso bwino kumdima, choncho ndimapisa dzanja kuseri, n'kufufuza ndi chala kuyambira kumanzere kwanga. Bowo loyamba, ndimalowetsa chingwe mpaka chitalira kuti tha. Monga anandiuzira Aphunzitsi. Sindinaphonyepo.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Ana anga sakumwerana madzi. Wamng'ono anandiuza kuti, "Amayi, inu simukuona? Imafa tsiku limene alamu amabwera. Ndi nsanje basi, chifukwa kale odziwa zonse pano anali iwo." Ndinamuyankha kuti ine ndaonetsetsa, imafa m'mawa, iwo asanafike. Iye anati, "Nanga si ali ndi kiyi? Inu mukapita kumsika mumadziwa amene walowa?" Mawu amenewa anakafika kwa mkulu wake, sindikudziwa kuti anayenda bwanji. Wamkulu naye akuti, "Amuna akewo anaitchera dala kuti izifa, aziitanidwa ngati dokotala, anga azioneka mbuli. Masukulu awowo asatinyasitse nawo."

Loweruka lapitali a Magetsi anafika, intaneti itafa kale. Anaweramira kuseri kwa kabati, napeza kuti pa kabowo kaja Aphunzitsi anamatapo kapepala kolembedwa kuti "Osabaya". Anawerenga, anaweramuka, sanakhudze chilichonse. Anatulutsa kiyi m'thumba n'kuika pa tebulo.

"Amayi, kiyi wanu uyu. Sindingamalowe m'nyumba mmene akundilembera zikwangwani ngati mwana."

Tiyi ndinawathirira uja anazizira m'kapu. Lamlungu Aphunzitsi nawo sanabwere, ati akuopa kuwonjezera moto. Pano rauta ili pakabati ndi diso lake lofiira, kiyi ali m'sosala, ndipo Lamlungu ndinatulutsa mbale zisanu poyembekeza kuti ana ndi amuna awo abwera, n'kubweza zinayi zosadyera.

Aphungu, ndithandizeni. Kodi n'zotheka munthu kutchera rauta kuti izifa tsiku limene iye akufuna? Kodi singano ija inaiwononga m'kati? Ndigule ina, kapena ndiwauze a kampani adzachotse chingwe chawo, ana anga agwirizanenso? Nanga ndikhulupirire ndani? A Magetsi sanandinamizepo. Aphunzitsi nawo sindikuwaona ngati munthu wa chiwembu. Koma chinthu sichingamafe chokha Loweruka ngati chili ndi kalendala.

Ine wosokonezeka,
Mayi E.N.K., kuseri kwa siteji ya mabasi

* * *

Mayi E.N.K.,

Khazikani mtima pansi, rauta yanu ndi yamoyo, ndipo musagule ina. Koma ndikuuzani mosapsatira: palibe mkamwini amene akupha intaneti yanu. Ikufa pa nthawi imene inu mukupukuta fumbi.

Simukuwerenga molakwa, mayi, mukuwerengera mbali ina. Munthu akaima moyang'anana nanu, dzanja lake lamanzere limakhala kumanja kwanu. Tsiku limene Aphunzitsi ankakuonetsani mabowo, msana wa rauta unayang'ana kwa inu. Inu mukamabwezera chingwe, imakhala itakuyang'anani nkhope. Bowo limene chala chanu chikuti loyamba ndi lija lachisanu. Limeneli ndi anzake atatu oyandikana nalo ndi olumikizira makompyuta a m'nyumba. Khomo lolowera intaneti ya kampani ndi limodzi lokha. Tsoka lake, chingwe chimalowa ndi kulira kuti tha pa bowo lililonse. Timizere todzaza pafoni timangosonyeza kuti foni ikumvana ndi rauta. Kofiira kaja ndiko kakunena kuti rauta sikumvana ndi kampani.

Mungafunse kuti bwanji anthu awiri odziwa zinthu sanaone. A Magetsi ankazula zingwe zonse Aphunzitsi asanafike, choncho Aphunzitsi sanapezepo chingwe chili polakwika. Singano sinawononge kanthu m'kati, koma kubaya pamene paja kumaiwalitsa rauta zonse zimene inauzidwa, dzina la waifai ndi mawu achinsinsi a kampani omwe. Inu a kuchipatala mukudziwa: a Magetsi anapereka mankhwala amphamvu pa matenda ena. Kumeneko ndi kulakwitsa, si nsanje. Zotchera rauta kuti izizima pa nthawi yake zilipodi pa marauta ena, koma zikanakhala zimenezo sizikanadikira kuti inu muyambe mwapukuta kabati.

Popeza Loweruka lapitali sinabayidwe, zonse zimene Aphunzitsi analemba zikadalimo. Itsitseni masana, mupite nayo pawindo, muitembenuze msana kwa inu. Mupeza bowo limodzi la mtundu wosiyana ndi anzake, kawirikawiri lolembedwa kuti WAN. Matani kachidutswa ka pulasitala pamwamba pake kuti chala chizilizindikira ngakhale kumdima. Lowetsani chingwe cha kampani pamenepo, yatsani, mudikire pang'ono, kofiira kaja kasanduka kobiriwira. Kakapanda kusintha, Aphunzitsi alembenso dzina ndi mawu achinsinsi a kampani, ndipo akulembereni papepala musunge m'dilowa, pamodzi ndi mawu otsegulira waifai.

Komatu musakonze mwakachetechete n'kungonena kuti yachira yokha. Mukatero rauta ichira, banja likhalabe lodwala, chifukwa aliyense azidzati mnzake wasiya chiwembu ataona kuti wagwidwa. Yambani ndi kiyi. Musatume mwana, musaimbe foni. Mutengeni nokha, mupite kunyumba kwa a Magetsi, mukawauze kuti mwapeza chimene chinkachitika ndipo si iwo. Munthu amene wakusamalirani nyumba zaka zonsezi wanenedwa kuti amalowa mozemba, ndipo limenelo ndiye bala lenileni. Mwana wanu wamng'ono ayenera kupepesa alamu ake pa mawu amenewo, wamkulu nayenso apepese pa zija za kutchera.

Kenako muwaitane onse anayi tsiku limodzi. Musawafotokozere zambiri. Ingoimani pakabati, mupise dzanja kuseri monga mumachitira, muwerenge mokweza kuyambira kumanzere, iwo akuona. Ndikhulupirira padzakhala woyamba kuseka, ndipo musadzakwiye, kuseka kumeneko ndiye mankhwala. Kapepala ka "Osabaya" akachotse Aphunzitsi ndi dzanja lawo. Anali ndi chifukwa, koma mkulu wako sumulembera chikwangwani, umamuuza pakamwa. Ndipo a Magetsi muwapemphe akhomere rautayo pakhoma, pamalo owala, zingwe zitamangidwa bwino, kuti isamatsikenso. Ntchito imeneyo Aphunzitsi sangaithe, ndipo ndi bwino onse aone zimenezo.

Chenjezo langa ndi ili: musachedwe chifukwa cha manyazi. N'zowawa kwa munthu wosaphonya ngati inu kunena pamaso pa akamwini kuti chala chinasokera, koma kiyi akakhalitsa m'sosala, mwini wake amazolowera thumba lopepuka. Ndipo Loweruka likubwerali, pukutani pamwamba pokha. Fumbi silinaphepo intaneti ya munthu. Zoti muwerenge zilipo, mayi: mbale zisanu patebulo, ndipo zonse zikabwerere kukhitchini zitadyedwera.

Aphungu